E. R. Braithwaite: Mphunzitsi Amene Sanafune Uphunzitsi

Lero tikamba za munthu amene anakhala ndi moyo zaka 104, ndipo m'zaka zimenezo anali msilikali, anali mphunzitsi, analinso mtumiki wa boma. Dzina lao ndi Bambo E. R. Braithwaite. Aphunzitsi, lembani dzinali pa bolodi, ndipo onetsani ana dziko la Guyana pa mapu a South America, m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic.

A Braithwaite anabadwa pa 27 June 1912 mu mzinda wa Georgetown. Masiku amenewo dzikolo linali m'manja mwa Angelezi, ndipo linali kuchedwa British Guiana. Anaphunzira pa Queen's College kwao komweko, napitiriza maphunziro ku New York. Pa nthawi ya Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse analowa gulu la nkhondo la ndege la Britain, lochedwa Royal Air Force, nakhala woyendetsa ndege. Nkhondo itatha anapita ku yunivesite ya Cambridge, kumene anatsiriza maphunziro apamwamba a fizikisi mu 1949.

Tsono mverani bwino. Munthu wophunzira cotere, amenenso anaika moyo wace pa ngozi cifukwa ca Britain, anayamba kufuna nchito ya uinjiniya. Makalata ace anali kuyankhidwa msanga, nam'itana. Koma akalowa mu ofesi, eni nchito naona kuti ndi munthu wakuda, nkhope zao zinali kusintha. Mau anali aulemu, koma nchito panalibe. Ali m'yunifomu ya usilikali anali mnzao. Atavula yunifomu anasanduka mlendo. Atatopa ndi kugogoda pa zitseko, analandira nchito ya uphunzitsi, imene poyamba sanaiganizire n'komwe.

Anawatumiza ku sukulu ya St George-in-the-East, kum'mawa kwa mzinda wa London, dera la anthu osauka limene linaphwanyidwa kwambiri ndi mabomba pa nkhondo. Mkulu wa sukuluyo, Bambo Alex Bloom, anali ndi maganizo acilendo pa nthawi imeneyo: sanalole kukwapula ana, ndipo anafuna kuti ana azinena poyera maganizo ao pa za sukulu ndi za aphunzitsi ao. Ana amene a Braithwaite anapatsidwa anali akulu-akulu, otsala pang'ono kusiya sukulu. Anali aphokoso ndi amwano, ndipo anayesa njira zonse kuti mphunzitsi watsopanoyo athawe.

M'buku lao la To Sir, With Love, limene linatuluka mu 1959, a Braithwaite afotokoza cimene anacita. Anauza anawo kuti popeza posacedwa adzakhala anthu akulu ofuna nchito, iye adzawatenga monga akulu, ndipo iwonso azichulana maina mwaulemu. Anawalola kufunsa mafunso a mtundu uli wonse. Anapita nao ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Victoria and Albert, kumene ambiri a iwo anali asanapondeko ngakhale anabadwira mu London momwemo.

Koma nkhani imene ine ndiyesa yaikulu m'bukumo ndi ya maliro. M'kalasimo munali mnyamata amene atate ace anali akuda ndi amai ace azungu. Amaiwo atamwalira, anzace anasonkha ndalama nagula nkhata ya maluwa. Pamene anafunsidwa amene adzapereka maluwawo ku nyumba ya maliro, onse anakhala cete. Anaopa kuti anansi ao adzawaona akulowa m'nyumba ya munthu wakuda. Ana inu mudziwa kuti kwathu kuno munthu wothawa maliro a mnzace sayesedwa munthu. Taganizani tsono m'mene mtima wa mphunzitsiyo unapwetekera, pozindikira kuti ana amene anali kum'konda anali akali ndi tsankho lomwe lija linam'mana nchito. Pa tsiku loika maliro anapita yekha ndi mtima wolema. Atafika anapeza ana ace ataima pakhomopo, atasamba ndi kubvala bwino, maluwa ali m'manja.

Aphunzitsi, tikumbukire kuti bukuli linalembedwa monga nthano yocokera pa moyo wa mwini wace, ndipo maina a sukulu ndi a ana anasinthidwa. Ena amene anaphunzira pa sukuluyo ananena pambuyo pace kuti zinthu sizinali zokoma monga zinalembedwera. Kanema wa mu 1967, m'mene Sidney Poitier anasewera monga mphunzitsiyo, anachuka pa dziko lonse, koma a Braithwaite sanakondwere naye kweni-kweni, cifukwa anapeputsa nkhani ya tsankho.

Atasiya uphunzitsi anagwira nchito m'boma la mzinda wa London, yofunira ana akuda osowa owalera mabanja owasunga. Za nchitoyo analemba m'buku la Paid Servant mu 1962. Anagwiranso nchito ku UNESCO mu mzinda wa Paris. Guyana italandira ufulu mu 1966, zaka ziwiri pambuyo pa Zambia, anakhala kazembe wa dziko lao ku United Nations, ndipo kenaka ku Venezuela.

Boma la tsankho la South Africa linaletsa mabuku ao kwa zaka zambiri. Mu 1973 linacotsa ciletsoco niliwalola kukaceza, koma powalemba kuti pa ulendowo adzayesedwa ngati mzungu. Anagona m'mahotela amene eni dziko akuda sanaloledwe kugonamo, ndipo zimene anaona anazilemba m'buku la Honorary White mu 1975. Zaka zao zotsiriza anakhala ku America, akuphunzitsa m'mayunivesite, monga ya Howard mu Washington. Anamwalira pa 12 December 2016 ku Rockville, m'cigawo ca Maryland.

Pa sukulu ya Bambo Bloom, mlungu uli wonse mwana ali yense anali kulemba za maphunziro a mlunguwo, zimene zinam'komera ndi zimene sanazimve, popanda kulangidwa pa zimene walemba. Aphunzitsi, yesani zimenezi m'kalasi mwanu Lacisanu likudzali. Ana a Giredi 5 kufikira Giredi 7 alembe m'makope ao. Ang'ono-ang'ono anene pakamwa.