Nyanja Ndi ya Tonse: Mawu Okhudza Ntchito Zokopa Alendo



1. Dziko lathu lidadalitsidwa ndi nyanja imene anthu amabwera kudzaiona kuchokera kutali. Mu 1980 boma lidakhazikitsa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la malo amene ali chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Masomphenya a Malawi 2063 akuwerengera ntchito zokopa alendo ngati njira imodzi yotukulira dziko lino. Ife tikuvomereza zimenezi. Achinyamata ambiri apeza ntchito m'mahotela, osema ziboliboli apeza msika, ndipo malo ena ogona alendo athandiza sukulu ndi zipatala.

2. Komabe muyeso wa chitukukochi ndi moyo wa munthu amene adabadwira m'mbali mwa nyanjayo. Ku Mangochi, ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay, magombe ambiri abwino adatchingidwa ndi mipanda. Mpanda ukafika m'madzi, msodzi amasowa pokocheza bwato ndi poyanika makoka, thandala la usipa limasunthidwa, ndipo mayi amayenda mtunda wautali kukatunga madzi ndi kukachapa. Ku Chembe, mudzi umene uli m'kati mwa malo otetezedwa aja, lamulo limaletsa kupha nsomba pa mtunda wa mamita 100 kuchokera kugombe la malowo. Lamuloli lili ndi cholinga chabwino, koma amene amasenza kulemera kwake ndi mmphawi. Kodi pa ndalama zimene alendo amalipira polowa, ndi zingati zimene zimabwerera kwa iye, ndipo ndani amamuuza?

3. Tisaiwalenso kuti ntchito zimenezi n'zosadalirika. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka maulendo, antchito ambiri a m'mahotela adabwerera kumudzi chimanjamanja. Amene adali ndi munda kapena bwato adapeza pogwira. Amene adagulitsa malo a makolo ake adatsala padzuwa. Ndalama yogulitsira malo imatha m'chaka chimodzi, pamene nthaka imadyetsa mibadwo.

4. Mpingo umaphunzitsa kuti Mulungu adalenga dziko ndi zonse zili m'menemo kuti zipindulire anthu onse, ndipo Papa Fransisko adatsindikanso zimenezi mu 2015 m'kalata yake ya Laudato Si'. Kumbukirani Naboti, amene adakanira mfumu Ahabu munda wa makolo ake (1 Mafumu 21). Tchimo la Ahabu lidali kugwiritsa ntchito udindo ndi akuluakulu a mzinda polanda cholowa cha munthu wamba. Masiku ano tchimo lomweli limachitika ndi chidindo komanso siginecha yosainidwa mobisa.

5. Malamulo ali kumbali yanu. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidakhazikitsa makomiti a malo, otsogozedwa ndi a gulupu pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo osachepera 3 mwa iwo ayenera kukhala amayi. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza mauthenga a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Mukhoza kufunsa kukhonsolo kuti malo akuti adapatsidwa kwa yani, kwa zaka zingati, ndi pa mgwirizano wotani.

6. Choncho tikupempha izi:

Kwa mafumu athu: malo mudawalandira kuti muwasungire ana a m'mudzi. Musavomereze mgwirizano uliwonse musanaitanitse msonkhano wa mudzi wonse.

Kwa makhansala, aphungu ndi boma: chilolezo chilichonse chomanga m'mbali mwa nyanja chizisiya njira yotakata yopitira kumadzi ndi doko la asodzi, ndipo ndalama zolowa m'malo otetezedwa zizilengezedwa poyera.

Kwa eni mahotela: lipirani antchito anu moyenera, gulani nsomba ndi ndiwo zamasamba kwa anansi anu, ndipo musalole kuti ana athu agwiriridwe kapena kusiya sukulu chifukwa cha ndalama za alendo.

Kwa inu akhristu m'miphakati: kambiranani nkhaniyi sabata ino, pitani kumisonkhano ya malo, ndipo musankhe m'makomiti anthu oopa Mulungu amene sangagulidwe.

Mlendo timulandire ndi manja awiri, monga mwa chikhalidwe chathu, koma mwini mudzi akhalebe ndi pokhala ndi posodza. Ambuye akudalitseni ndi kukupatsani mtendere.