Makina Osindikizira ndi Kompyuta Yachilendo

 Nkhani yathu lero ikukhudza makina osindikizira makalata, aja ambiri timawatchula kuti printa, makamaka amene amalumikizidwa pa netiweki kuti makompyuta onse a mu ofesi kapena a pa sukulu azitumizako ntchito zawo. Funso lathu nali: kodi n'chifukwa chiyani makina otere amamvera kompyuta ina mosavuta, koma ina n'kuikanira kwa mtu wa galu?

Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse za m'kati mwake, monga momwe kapitawo amayendetsera antchito pamunda. Zodziwika kwambiri ndi Windows ndi macOS. Koma zilipo zinanso zimene ozigwiritsa ntchito ake ndi ochepa, monga Haiku, OpenBSD ndi FreeBSD. Lero titenge chitsanzo cha FreeBSD, imene idatuluka m'chaka cha 1993 kuchokera ku ntchito imene idayambira pa yunivesite ya California ku Berkeley. Anthu amaikonda chifukwa ndi yaulere ndiponso ndi yodalirika, koma akafika pa nkhani ya printa, ambiri amagwira njakata.

Gwero la vutoli ndi chinenero. Printa siiona kalata monga tiionera ife. Imafuna kuuzidwa m'chinenero chake kuti inki igwe pati ndi pati. Tsono pakati pa kompyuta ndi printa pamakhala kapulogalamu komasulira, kamene akatswiri amakatcha driver. Makampani opanga maprinta amalemba omasulira otere poganizira kumene kuli ogula ochuluka, motero mwini Windows amapeza zonse zili zokonzeka, pamene mwini FreeBSD amatsala ngati mlendo wofika m'bwalo la milandu lopanda womutanthauzira.

Vuto limeneli si la lero. Cha m'ma 1980, pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, akatswiri ankagwiritsa ntchito pulogalamu yaikulu yodzipangira okha yotchedwa ITS. Mmodzi wa iwo, Richard Stallman, adaakonza printa yawo yakale kuti pepala likakodwa, uthenga uzifika kwa onse amene akudikira makalata awo. Atalandira printa yatsopano ya Xerox, iye adafuna kuchita chimodzimodzi, koma adamanidwa malangizo a m'kati mwa pulogalamu yoyendetsa makinawo. Chimenechi chidali chimodzi mwa zinthu zimene zidamuchititsa kulengeza, m'chaka cha 1983, ntchito yotchedwa GNU, yolemba mapulogalamu amene munthu aliyense ali ndi ufulu wowawerenga, kuwasintha ndi kuwagawira anzake.

Chimene chidapulumutsa anthu a makompyuta achilendo ndi zinenero zimene malamulo ake adalembedwa poyera. M'chaka cha 1984 kampani ya Adobe idatulutsa chinenero cha PostScript, ndipo kampani ya Hewlett-Packard idapanganso chake chotchedwa PCL. M'chaka cha 1999 kudabwera IPP, njira yogwirizana yotumizira ntchito ku printa kudzera pa netiweki. Chaka chomwecho Michael Sweet adatulutsa pulogalamu yaulere ya CUPS, imene imalandira makalata, kuwaika pamzere ndi kuwapereka ku printa. Pambuyo pake kudadza AirPrint m'chaka cha 2010 ndi IPP Everywhere m'chaka cha 2013. Ndi njira zimenezi, printa imadzifotokoza yokha kwa kompyuta, kunena kukula kwa mapepala amene imalandira ndiponso ngati imasindikiza mbali zonse ziwiri, kotero kuti womasulira wapadera safunikanso.

Tsopano tcherani khutu, pakuti pali zinthu zinayi zoyenera kuchita.

Choyamba chichitike ndalama zisanatuluke m'thumba. Werengani pa katoni kapena m'kabuku ka printayo, muone ngati palembedwa IPP Everywhere, AirPrint, PostScript kapena PCL. Alipo maprinta ena otsika mtengo, otchedwa a GDI, amene ntchito yonse yokonza tsamba amaisiyira kompyuta ya Windows. Otere ndiwo amavutitsa koposa, ndipo ena a iwo sagwira ntchito konse pa FreeBSD.

Chachiwiri ndi keyala. Printa ya pa netiweki ili ndi keyala yake, imene kawirikawiri imakhala manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho, monga 192.168.1.20. Maprinta ambiri amaonetsa keyalayi pa kagalasi kawo kapena kuisindikiza pa pepala mukawalamula. Koma chenjerani: keyalayi imaperekedwa ndi kabokosi kogawa netiweki, ndipo magetsi akazima n'kuyakanso, printa ikhoza kupatsidwa ina. Pamenepo kompyuta imapitiriza kutumiza makalata ku nyumba imene mwini wake adasamuka. Choncho uzani wosamalira netiweki kuti aike keyala yokhazikika.

Chachitatu, ikani CUPS m'kompyuta yanu ndi kuiyambitsa. Kenaka tsegulani pulogalamu ija mumaonera masamba a pa intaneti, mulembe localhost:631, ndipo mudzapeza tsamba lowonjezerapo printa. Pamenepo perekani keyala ija, musankhe njira ya IPP. Pano m'pofunika kudziwa kuti printa ili ngati nyumba ya makomo angapo, lililonse ndi nambala yake. Khomo la IPP ndi 631. Maprinta akale amene sadziwa IPP amalandira ntchito pa khomo la 9100 kapena la 515, ndipo kwa amenewa musankhe womasulira wamba wa PostScript kapena wa PCL, malinga ndi chinenero chimene makinawo amamva.

Chachinayi, sindikizani tsamba loyesera, ndipo zotsatira zake zikuuzeni kumene kwagona matenda. Printa ikangokhala duu, osagwedezeka n'komwe, kawirikawiri ndiye kuti uthenga sunafike. Yang'anani keyala, khomo ndi waya. Ikayamba kulavula mapepala ambirimbiri a zilembo zopanda mutu, ndiye kuti uthenga wafika koma m'chinenero cholakwika. Iimitseni msanga mapepala asanathe, musinthe womasulira. Kusiyanitsa matenda awiriwa kumapulumutsa nthawi yambiri, pakuti munthu sataya tsiku lonse akusintha mawaya pamene cholakwa chili pa chinenero. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwina ena mukuti nkhaniyi ndi ya akatswiri okha. Iyayi. Mphunzitsi wamkulu amene wagula printa ndi ndalama zosonkha makolo, n'kupeza kuti makompyuta a pa sukulupo sangalankhule nayo pamene mayeso ayandikira, ndiye adzayankhe mafunso pamaso pa komiti. Mlembi wa ku chipatala kapena wa ku ofesi ya zaulimi nayenso amadalira makina omwewa kuti anthu alandire makalata awo m'nthawi yake. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Musanagule printa, funsani wogulitsa kuti makinawo amalankhula chinenero chanji, ndipo ngati n'kotheka akuonetseni pa katoni pomwepo.