Makina Oziziritsa Nyumba: Mawu a Mnzathu pa Msonkhano wa Pachaka

 Ambiri a ife tikumanga nyumba tsopano, ena ku Salima, ena ku Chikwawa kumene mwezi wa Okutobala munthu sapeza tulo. Popeza ntchito yanga ndi ya makina oziziritsa, mwakhala mukundifunsa za makina aja otumiza mpweya m'zipinda zonse kudzera m'mipope ya kudenga. Pafupifupi aliyense amati, "Mundipezere aakulu kwambiri." Apa ndiye potayira ndalama.

Makinawa ali ndi ntchito ziwiri: kuchotsa kutentha ndi kuchotsa chinyezi. Ngakhale oyamba, amene Willis Carrier anakonza mu 1902 ku Brooklyn, anali othana ndi chinyezi chimene chinkasokoneza mapepala m'nyumba yosindikizira. Kuchotsa chinyezi kumafuna nthawi. Makina opyola muyeso amaziziritsa nyumba m'mphindi zochepa n'kuzima, mpweya usanaume. Mu Januwale kunyanja mudzamva kuzizira koma khungu likumata, ndipo m'kabati mudzamera nkhungu. Kuyakayaka ndi kuzimazima kumeneko kumathanso kompuresa msanga, chonsecho ndiye chiwalo chodula koposa. Ochepa mphamvu nawo amangolira tsiku lonse, mayunitsi a magetsi akutha, inu thukuta kamukamu.

Mphamvu yake amaiyeza m'matani. Tani imodzi ndi ma BTU 12,000 pa ola, kapena makilowati pafupifupi 3.5, ndipo dzinali linachokera ku kutentha kosungunula tani ya madzi oundana m'maola 24. Ku America, kumene makinawa ndi ofala, a m'nyumba wamba amayambira pa matani 1.5 kulekeza 5.

Kukula kwa nyumba pakokha sikupereka yankho. Mmisiri aone denga, mazenera oyang'ana kumadzulo, khitchini, ndi chiwerengero cha anthu, chifukwa munthu mmodzi wongokhala amatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 100. Muwerengere ndi alendo omwe, poti kwathu kuno sasowa. Denga ndiye lalikulu. Malata opanda siling'i amasandutsa nyumba uvuni, ndipo mukayamba mwaika siling'i ndi zotchinga kutentha, mudzagula makina ocheperapo.

Choncho mmisiri akakutchulirani matani ali pachipata, osalowa m'nyumba ndi tepi yoyezera, mumuthokoze bwino, muitane wina. Amene walowayo akulembereni masamu ake papepala musanalipire kalikonse.