Madzi a Pakhomo Pathu Amapita kwa Yani?



Mvula yayandikira. Tikufolera madenga ndi kusankha mbeu, koma ndi ocepa mwa ife amene ayang'ana kanjira kocoka pakhomo kukalowa mumseu. Timathirapo dothi ndi timiyala kuti ngolo kapena galimoto ifike bwino. Mvula ikagwa yamphamvu, madzi amatsata mmene mwapita matayala, nakumba mfolo, nakokolola zonse tinathirazo. Madzi othamanga amanyamula mcenga, ndipo akafika pamalo osatsetsereka amautula. Kumene amautula ndi m'ngalande ya m'mbali mwa mseu ndi m'kalavati.

Kutauni vuto limeneli limakula. Ngalande za khonsolo zikadzala mcenga ndi zinyalala, madzi amasefukira m'nyumba, nasakanikira ndi zonyansa za m'zimbudzi. Anthu a ku Kanyama mu Lusaka amazidziwa bwino. Tikukumbukira kolera ya 2024, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala. Ambiri a ife tili ndi ana ndi adzukulu m'makomboni amenewo.

Pa Genesis 2:15 timamva kuti Mulungu popatsa Adamu munda anampatsanso udindo wousamalira. Nthaka ya pakhomo pathu ndi ya Mulungu, ife anangotisungitsa. Ndipo mnansi amene Yesu anatilamula kumkonda ndiyenso uja wakumunsi, amene madzi athu amakagona pakhonde pake.

Tsono mvula isanagwe, titenge makasu. Pakati pa kanjira pakhale potumphuka kuti madzi agawikane mbali ziwiri. Tikumbe timifolo topatutsira madzi kuudzu kapena kumunda, asasonkhane ndi kucita mphamvu. M'mbali tibzale udzu wa vetiva, pakuti mizu yake imagwira nthaka. Potsetsereka tiyale mizere ya miyala mopingasa. Kalavati ya m'mudzi tiifukule pamodzi ndi amfumu ndi acinyamata a mpingo.

Mumtima namo zimatero. Kabodza ka lero, kamjedo ka mawa, zimacoka pakamwa pathu pang'onopang'ono, nkukatsekereza mtendere m'banja la mnzathu. Tiziletse zikali pakhomo.

Tipemphere. Atate wakumwamba, tikuyamikani cifukwa ca mvula. Tiphunzitseni kusamala nthaka yanu ndi kukumbukira abale athu akumunsi. M'dzina la Yesu Kristu, Amen.