DAMU LILI KUMTUNDA KWA MUDZI WATHU: NDANI AKULIYANG'ANIRA?

A komiti ya chitukuko andipempha kuti ndilankhule nanu za madamu. Ndidziwa kuti ena mwadzifunsa kale mumtima kuti katekisiti ndi damu zikugwirizana pati. Zaka zingapo zapitazo ndinatsogolera mapemphero pa maliro a mnyamata wa Sitandade 4 amene anamira pa damu la esiteti ina, atapita kukasambira ndi anzake poweruka ku sukulu. Kumanda tonse tinati, "Mwini wake watenga." Koma pobwerera kunyumba mawu aja anandisautsa, pakuti damu lija silinakumbidwe ndi Mulungu ayi. Analikumba ndi anthu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankaliyang'anira.

M'boma lathu la Kasungu muli madamu otchuka. Ku nkhalango yosungirako nyama kuli damu la Lifupa, kumene alendo amakapumulako ndi kuonerera mvuu ndi njovu. Ku tauni kuli damu la Chitete, limene amatungamo madzi a m'mipopi. Madamu amenewa ali ndi eni ake odziwika. Amene ndikunena lero ndi athu ang'onoang'ono a kuno kwa Chisemphere ndi m'madera otizungulira, amene eni maesiteti anatseka m'madambo, makamaka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 pamene fodya anali pachimake, kuti azithirira nazale mvula isanagwe. Lero maesiteti ena anasintha eni, ena anangoti zii, koma madamu alipobe. Timachapako, timamwetsako ng'ombe, timathirira madimba, timawedzako milamba, ndipo pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere achinyamata amakasangalalirako. Tonse timadyerapo, koma mukafunsa kuti khoma lake akulisamala ndani, aliyense aloza mnzake.

Tiwerengere pamodzi monga m'kalasi. Madzi odzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu amalemera makilogalamu 1,000. Amenewo ndi matumba 20 a feteleza. Tsono damu la hekitala imodzi, lakuya mamita awiri, lasunga madzi olemera matani 20,000. Katundu yenseyu akumutchinjiriza ndi mulu wa dothi lotsendera basi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Madzi a m'damu tsiku ndi tsiku akufunafuna njira yawo yakale, ndipo m'njira imeneyo ndi mmene ife tinalimamo madimba, ena mpaka kumangamo nyumba.

Musaganize kuti damu laling'ono silingaphe. Pa 9 May 2018, usiku, ku Solai m'dera la Nakuru ku Kenya, damu la dothi la pa famu ina linaphulika mvula itagwa masiku ambiri. Madzi anasesa midzi ya kumunsi ndipo anthu 48 anafa, kuphatikizapo ana ambiri. Pambuyo pake akuluakulu oona za madzi m'dzikomo ananena kuti damulo linalibe chilolezo. Silinali damu la boma la magetsi ayi, linali la pa famu, mtundu womwewu wa athuwa.

Khoma la dothi limagwa m'njira ziwiri, ndipo pa zonse ziwiri limayamba lachenjeza.

Njira yoyamba ndi pamene madzi adutsa pamwamba pa khoma. Damu lililonse lomangidwa bwino lili ndi ngalande yaikulu pambali, yotsikirapo kuposa khoma, yoti madzi akadzaza azitulukirapo. Ngalande imeneyi ndiye moyo wa damu. Koma ife timatani nayo? Ena amaitseka ndi matumba a mchenga kapena zipika kuti madzi achuluke, akwanire kuthirira nazale mu Okutobala. Ena amalimamo mpiru poona chinyontho. Kwina munamera bango ndi zitsamba. Tsono mvula ya Januwale kapena Febuluwale ikabwera yamkuntho, madzi amasowa potulukira, nakwera pakhoma. Akangoyamba kutsetsereka kuseri, amakukuta dothi monga amachitira pa msewu wa ngolo, ndipo mkati mwa maola ochepa kangalande kaja kasanduka chigwembe. Munthu wotseka ngalande amapindula makeni angapo a madzi, koma wabetcha moyo wa anthu a kumunsi amene sanawafunse n'komwe.

Njira yachiwiri ndi yoopsa koposa chifukwa imachitika mkati, kosaoneka. Madzi amaboola kanjira m'kati mwa khoma, namatulutsa dothi pang'onopang'ono mpaka khoma likhala ngati dzungu lofumbwa. Amene amawatsegulira njira timawadziwa. Woyamba ndi chiswe: mukaona chulu pakhoma la damu, dziwani kuti pansi pake pali mauna. Wachiwiri ndi mitengo. Ambiri timaganiza kuti bulugama wa pakhoma akulimbitsa damu. Sichoncho. Mizu yake imalowa mpaka kumadzi, ndipo mtengo ukauma kapena kugwa ndi mphepo, mizu ija imaola n'kusiya mipata. Pakhoma pafunika udzu wamfupi ngati kapinga, osati mitengo. Koma mtengo umene unakula kale musathamangire kuugwetsa kapena kuuzula nokha, yambani mwafunsa odziwa. Wachitatu ndi ng'ombe ndi ngolo zodutsa malo amodzimodzi mpaka khoma kutsika pakati.

Pano mvetsetsani, chifukwa ndi pamene mwana wa sukulu angathe kupulumutsa mudzi. Pafupifupi damu lililonse la dothi limadontha pang'ono kuseri kwake. Madziwo akakhala oyera, ndipo sakuwonjezereka, n'kofunika kumangowayang'anira. Koma akakhala amatope, kapena akutumphuka ngati kasupe, kapena lero achuluka kuposa dzulo, ndiye kuti khoma likudyeka mkati. Chimodzimodzi mukaona ming'alu, dothi logumuka kuseri, dzenje lotitimira pamwamba pa khoma, kapena madzi a m'damu akuzungulira pamalo amodzi ngati akumwedwa. Zimenezo si za kudikira msonkhano wa mwezi wamawa.

Za kumira ndinene mwachidule. Madzi a m'damu amaoneka ofatsa, koma pafupi ndi khoma ndi pakuya mwadzidzidzi ndipo pansi pali thope logwira miyendo. Mwana womira kawirikawiri sakuwa. Wina akamira, inu osadziwa kusambira musadumphiremo, chifukwa maliro akhala awiri. Mutambasulireni nsungwi, kapena muponyereni chigubu chopanda kanthu, chotseka bwino, chomanga ku chingwe. Ndipo inu makolo, mwana wosambira m'damu akayamba kukodza magazi, ameneyo ndi likodzo lochokera ku nkhono za m'madzimo. Mupite naye ku chipatala, mankhwala alipo.

Nanga udindo ndi wa yani? Buku la Eksodo, mutu 21, ndime 33 ndi 34, limaphunzitsa kuti munthu amene wakumba dzenje osalivundikira ndiye alipire ngati chiweto cha mnzake chagweramo. Malamulo a dziko lathu sasiyana ndi zimenezi. Lamulo la za madzi la chaka cha 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, limene limapereka zilolezo za kutseka ndi kugwiritsa ntchito madzi. Munthu sangangotseka mtsinje chifukwa malo ndi ake. Mwini damu ndiye woyamba kuyankhapo pa chitetezo chake. Ngati damu linasiyidwa m'manja mwa mudzi, ndiye kuti mwini wake ndife, ndipo payenera kukhala komiti yodziwika maina, osati "anthu onse".

Ndikudziwa chimene chimatitseka pakamwa. Ambiri timapeza ganyu pa esiteti pomwepo, ena dimba lathu likumwa madzi omwewo, ndipo timaopa kuti tikalankhula atiuza kuti tisadzapondenso. Mantha amenewa si achabe. Koma kumbukirani kuti mu Lenti wa 1992 Maepiskopi athu analemba kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi onse, pa nthawi imene kulankhula kunali koopsa kuposa lero. Malamulo aakulu a dziko a 1994 amati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo. Kufunsa za khoma limene lili pamwamba pa nyumba yanu si mwano. Kungoti musapite nokha ndipo musapite ndi ukali. Pitani ngati mphakati, pamodzi ndi a mfumu. Lembani kalata, ikani tsiku, sungani ina yofanana nayo. Mwini akapanda kuchitapo kanthu, nkhani ipite kwa a Gulupu, ku komiti ya chitukuko ya m'dera, kwa khansala, mpaka ku ofesi ya DC ku Kasungu, kumene kuli oona za madzi, za ulimi wothirira ndi za ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Chimene ndikupempha mphakati uliwonse umene uli ndi damu ndi ichi. Mvula isanayambe, madzi ali otsika, sankhani anthu anayi, amayi akhalepo, muyende khoma lonse pamwamba ndi kuseri, muone ngalande, mulembe zimene mwaona m'kope. Mudzayendenso mvula yaikulu ikagwa. Muwerenge nyumba zimene zili kumunsi, mudziwe mmene muli nkhalamba, odwala ndi olumala, ndipo mugwirizane amene adzawanyamule. Mugwirizanenso chizindikiro cha usiku, kaya belu la tchalitchi, kaya wenzulo, kaya ng'oma, pakuti foni imatha moto. Chikamveka, thawirani kumtunda cha m'mbali, osati kutsata dambo, ndipo musabwerere kukatenga mbuzi.

Makope amenewo mubwere nawo pa msonkhano wa atsogoleri a miphakati wotsatira, kuti a komiti ya chitukuko adziwe madamu amene ayambire kuwalembera makalata.