MANKHWALA A MWANA WODWALA BIPOLAR: MAU KWA MAKOLO

Lero tikambirana za nthenda imene madokotala amaicha bipolar, makamaka za kamwedwe ndi kasungidwe ka mankhwala ace.

Nthendayi igwira maganizo. Pa nyengo ina mwana amatakasuka kopitirira muyeso: sagona usiku koma satopa, alankhula osapuma, adziyesa wamkuru, akwiya msanga. Pa nyengo ina amagwidwa ndi cisoni cacikuru, sadya, satuluka m'nyumba, nthawi zina nkumaganiza zodzipha. Kawirikawiri imayamba mwana atatha msinkhu. Mwa ana ang'ono siicuruka, tsono musathamangire kunena kuti mwana aliyense wopulupudza ali nayo. Wonena zimenezo ndi dokotala atamuyesa. Kuno kwathu kuli cipatala ca Zomba Mental, kuli ca St John of God ku Mzuzu, ndiponso pa zipatala za m'maboma pali anchito ophunzira za matenda a maganizo.

Mankhwala akhale m'manja mwa inu makolo. Mnyamata wa zaka 15, angakhale ndi wanzeru m'kalasi, musamsiyire botolo. Mpatseni nokha pa nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku, muone kuti wameza, ndi kulemba m'kope. M'kope momwemo lembaninso maola amene wagona, pakuti kucepa kwa tulo ndico cizindikiro cimene cimayamba kuoneka nthenda ikamabwerera. Tsiku lina mukaiwala, musadzampatse kawiri m'mawa mwace pofuna kubwezera.

Bvuto lalikuru limadza mwana akapeza bwino. Amayamba kunena kuti wacira, anansi nao amati mankhwala afooketsa mwana, ena amati pemphero lakwana. Pempherani ndithu, koma mankhwala asaleke. Mwini ng'ombe saleka kupita nazo ku dipi cifukwa cakuti nkhupakupa sizikuoneka; adziwa kuti sizioneka cifukwa ca dipiyo. Kuleka mwadzidzidzi kumabweretsa nthenda msanga. Ngati kuli koyenera kucepetsa, dokotala acepetsa pang'onopang'ono.

Tsono mvetsetsani za lithium. Dokotala John Cade wa ku Australia ndiye anaonetsa m'caka ca 1949 kuti mankhwalawa amakhazika pansi odwala otere, ndipo mpaka lero ali m'gulu la othandiza koposa. Koma muyeso wociritsa ndi muyeso wopweteka uli pafupi kwambiri. Cifukwa cace amaperekedwa kokha kumene angathe kuyesa magazi kawirikawiri, ndipo magaziwo amatengedwa patapita maola 12 mwana atamwa komaliza. Amayesanso impso ndi cithokomiro. Thupi likataya madzi, lithium amacuruka m'magazi. Ganizirani mwana amene wakhala akugalauza m'munda pa dzuwa la mu October, thukuta kamukamu, madzi osamwa. Kapena amene wadwala malungo, akusanza ndi kutsekula m'mimba. Ameneyo ali pangozi. Amwe madzi okwanira, ndipo mcere wa m'ndiwo ukhale monga mwa masiku onse, osaucotsa mwadzidzidzi. Mutu ukamupweteka musamgulire ibuprofen kapena diclofenac pa okala. Paracetamol ndiye ayenera. Mukaona manja akunjenjemera kwambiri, akuyenda dzandidzandi ngati woledzera, lilime likulemera polankhula, musampatsenso lithium wina, ndipo pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo.

Ana ambiri kuno amalandira carbamazepine kapena sodium valproate. Mwana woyamba kumene carbamazepine akaturuka zidzolo, zironda m'kamwa, thupi nkutentha, pitani naye msanga. Mankhwala amenewa amacepetsanso mphamvu ya ma ARV ena ndi ya mapiritsi olera, cotero dokotala adziwe zonse zimene mwana akumwa, ngakhale zitsamba. Za valproate ndilankhula kwa inu okhala ndi ana akazi. Pa ana 10 obadwa kwa amai amene anamwa valproate ali ndi pakati, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi cilema. Nkhani iyi ndi yocititsa manyazi kuikamba ndi mwana wako, ndidziwa, koma anakubala kapena azakhali aikambe naye, ndipo mufunse dokotala ngati pali mankhwala ena.

Palinso haloperidol, chlorpromazine, risperidone ndi olanzapine. Ena amanenepetsa ndi kugonetsa. Ena amaumitsa khosi, lilime nkuturuka, maso nkutembenuka. Zimenezi zimaopsa poziona, koma si ufiti ai, ndipo ku cipatala ali ndi mankhwala ozithetsa. Mankhwala ocotsa cisoni, monga amitriptyline ndi fluoxetine, akamwedwa okha angathe kuutsa kutakasuka kuja. Musabwereke a mnansi. Camba ndi kacasu nazo zimaononga nchito yonse ya mankhwala.

Tsekerani botolo m'bokosi la loko, kutali ndi ang'ono ace. Ndipo ndikupemphani, inu alimi, tsekeraninso mankhwala opopera thonje ndi ndiwo zamasamba, oteteza cimanga ku anankafumbwe, ndi ophera makoswe. Mwana wogwidwa ndi cisoni amatenga cimene cili pafupi. Akachula za imfa musamkalipire kapena kumseka. Khalani naye, ndipo mupite naye ku cipatala.

Ngati ali pa sukulu yogonera komweko, mphunzitsi wamkuru ndi wosamala ana adziwe, ndipo asamcezetse usiku wonse powerengera mayeso. Mvula ikayandikira werengani mapiritsi otsala. Kumene mitsinje imadzaza, pitani kukatenga ena kukali sabata lathunthu asanathe, mutatenga kabuku ka ku cipatala ndi kope lanu lija. Mukapeza kuti mankhwalawo palibe, musabwerere cabe. Funsani kumene angapezeke, kapena cimene mwana angamwe m'malo mwace.