Mawu a mlendo wolemekezeka potsekera maphunziro a achinyamata a malonda ku Kalomwe

 

Inu anyamata ndi atsikana amene mwamaliza maphunziro lero, aphunzitsi anu andiuza kuti tsopano mukutha kujambula katundu wanu n'kumuika pa Facebook, kutsegula gulu pa WhatsApp, ndi kulandira ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola. Mtima wanga wakondwa. Koma ine ndabwera ndi nkhani imodzi yokha, ya anthu amene mudzawalole kulowa m'foni yanu ya malonda.

Kalomwe ndi chipata. Malole ochokera ku Beira ndi ku Tete amakwera phiri kudzera ku Mussacama ndi Ulongwe, n'kuima pano asanalowe m'Dedza ulendo wa ku Lilongwe. Kachewere wathu, nyemba, soya ndi chimanga zimatsika kupita ku Tete, zina zimaoloka. Makolo athu ankachita malonda amenewa popanda foni, ndipo chimene chinkawateteza chinali kudziwana. Nthawi ya nkhondo ambiri a ife tinakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu, tinakwatirana ndi eni dera, ndipo titabwerera pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa ku Roma mu 1992, ubale uja sunathe. Munthu akafuna matumba khumi pa ngongole, ankayamba wafunsidwa kuti ndi mwana wa yani, amakhala mudzi uti, wamutuma ndani. Akathawa ndi ndalama, kwawo kunkadziwika.

Kuyambira pomwe Movitel inafika mu 2012 n'kumwaza netiweki mpaka m'midzi ya ku Domwe, munthu amene simunamuonepo nkhope atha kukupezani muli m'dimba. Ndi mwayi waukulu, ndipo sindikufuna wina achoke pano akuopa foni. Koma mafunso aja a makolo, foni sikufunsirani. Muyenera kufunsa nokha.

Facebook imalola munthu kukhala ndi anzake 5,000. Gulu limodzi la pa WhatsApp limatha kunyamula anthu 1,024. Pamene katswiri wina wa ku England, Robin Dunbar, anafufuza za maubwenzi a anthu, anapeza kuti munthu amatha kusunga ubale weniweni ndi anthu pafupifupi 150 basi, kuphatikizapo akubanja. Ndiye mnyamata akamanyadira kuti ali m'magulu makumi awiri, ine ndimamumvera chisoni, chifukwa mamega ake akuthera kutsitsa mavidiyo a ndale ndi mphekesera, ndipo uthenga wa wogula weniweni wakwiririka pansi pa zonsezo mpaka kabichi wavunda.

Inu ndinu ana a alimi a kachewere. Mukudziwa kuti mbewu sitiwolera ndi fosholo. Timatenga imodziimodzi, kuitembenuza, kuyang'ana maso ake, chifukwa imodzi yokha yokhala ndi matenda ofotetsa imawononga munda kwa zaka. Nambala za malonda muzisankha chimodzimodzi.

Choyamba mufunika munthu amene amakuuzani mtengo woona. Mmodzi pa msika wa Kwachena ku Tete, wina ku Lizulu kapena ku Lilongwe, woti mukamufunsa m'mamawa kuti thumba likuyenda bwanji lero, akuyankhani zoona ngakhale iye sakugula. Munthu wotereyu ndi wosowa, ndipo mukamupeza musamutaye. Kumbukirani Novembala wa 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse. Kwa ife amene timagulitsa m'makwacha n'kugula feteleza m'mametikali, kumva nkhani yotere tsiku lomwelo kapena kuimva patapita sabata ndi kusiyana kwa phindu ndi misozi. Gulu la anthu chikwi lidzakupatsani mphekesera khumi zotsutsana. Mnzanu mmodzi woona adzakuuzani kuti lero musapereke katundu pa ngongole.

Mufunikanso dalaivala amene akati ndifika Lachinayi amafikadi, ndi munthu wodziwa mapepala a pachipata amene amakutsogolerani ku ofesi yeniyeni, osati kuseri kwa lole. Ndipo musaiwale anthu a nzeru za ulimi. Nambala ya mlangizi wanu ikhale pamwamba. Ku Ulongwe kuli sukulu ya zaulimi ya UniZambeze, ndipo ena mwa ophunzira kumeneko ndi ana a midzi yomwe ino. Masamba akayamba kuda ndi chiwawu nthawi ya nkhungu, chithunzi chimodzi chotumizidwa kwa munthu wophunzira chimapulumutsa munda, pamene chithunzi chomwecho mukachiponya m'gulu la aliyense, wina adzakugulitsani botolo lopanda chizindikiro.

Nanga mlendo akabwera, mumuyesa bwanji? Tiyerekeze ndi usiku, mwangomaliza kudya, foni yalira. Pa chithunzi pali bambo wovala jekete ataima pambali pa lole yoyera. Akuti wapeza nambala yanu m'gulu, akufuna matumba makumi asanu pa mtengo woposa wa kumsika, koma mutumize kaye ndalama ya mafuta kuti lole inyamuke. Akulemba mwaulemu, akukutchulani bwana. Musakwiye, ndipo musathamange. Mufunseni amene wamupatsa nambala yanu, ndipo munthuyo mumuimbire. Mupempheni kuti mawa masana muyankhulane pa vidiyo ali pa benchi yake. Akatchula nambala yolandirira ndalama, onani ngati dzina lotuluka pa uthenga likufanana ndi limene anakuuzani. Akapambana zonsezi, yambani ndi matumba awiri. Wamalonda weniweni sakhumudwa ndi mafunso otere, chifukwa nayenso amawafunsa. Wofulumiza, wonena kuti mwayi utha pofika mawa, ameneyo mubulokeni usiku womwewo.

Palinso ena amene amabwera atavala dzina la mnzanu. Amakuuzani kuti nambala zisanu ndi imodzi zalowa m'foni yanu molakwika, muwatumizire. Nambala zimenezo ndi kiyi wa WhatsApp yanu. Mukapereka, mawa ogula anu onse alandira uthenga wopempha ndalama m'dzina lanu, ndipo mbiri imene mwaimanga kwa zaka yapita. Nambala zimenezo, ngakhalenso yachinsinsi ya M-Pesa, sizipatsidwa kwa munthu aliyense.

Chovuta kwambiri kwa ife ndi kukana m'bale. Tinaleredwa kuti mlendo sabwezedwa pakhomo, ndipo ndi khalidwe labwino. Koma gulu la malonda likhale la malonda. Tsegulani lina la banja, la maliro ndi maukwati, kumene amalume ndi asuweni adzalowe onse. M'gulu la malonda, munthu alowe pokhapokha wina wa m'gulumo wamuimira kuti ndikumudziwa, akalakwa mundifunse ine. Wotenga katundu osalipira kawiri achotsedwe, mutamuimbira kaye n'kumufotokozera mwaulemu. Ndipo pano ndiyankhule ndi abambo: mtsikana akaika nambala yake pa chithunzi cha tomato, waiika kuti agulitse tomato. Womutumizira mauthenga achipongwe pakati pa usiku alibe malo pakati panu, ngakhale atakhala wogula wamkulu chotani. Atsikana ambiri aluso amasiya malonda a pafoni chifukwa cha khalidwe limeneli, ndipo amene amaluza ndi mudzi wonse.

Dziwaninso kuti wogula wa ku Tete kapena ku Moatize nayenso akukuyesani. Akatsegula thumba n'kupeza kachewere wamkulu pamwamba, timiyala ndi wovunda pansi, nambala yanu aifufuta, ndipo auza anzake. Chithunzi chimene mwatumiza chikhale cha katundu amene ali pakhomo lero, osati wa chaka chatha. Mvula ikakulepheretsani kukumba, imbani msanga munene. Mnzanu wa ku Tsangano akakufunsani mtengo wa kuno, muuzeni woona, chifukwa mawa mudzafuna wa kwawo.

Pempho langa kwa inu akuluakulu a malonda amene muli pano ndi lakuti musachoke musanatenge mwana mmodzi kapena awiri mwa awa n'kuwalumikiza kwa wogula amene inu mumamukhulupirira. Alibe munthu wowaimira, ndipo poyambira pawo ndi inu. Alangizi, ndapempha kuti nambala zanu zilembedwe pa bolodi tisanabalalike.

Tsopano amfumu, ndipemphe kuti muimirire pamodzi nane, tiwapatse ana athuwa masatifiketi awo.